Funsani Amayi: “Ndachimwira Inu nokha”, nanga alamu anga?

Amayi,

Ndine bambo wa zaka 54, ndimalima fodya ndi soya chakumbali ya Chamama kuno ku Kasungu. Chonde dzina langa lisatuluke.

Mng'ono wanga anamwalira mu Epulo 2016, fodya wake ali m'chigafa. Mkazi wake anabwera kwathu mwa chitengwa. Titatha maliro ndinauza abale kuti katundu ndisunga ine kuti ana adzapeze poyambira akakula. Ndinatenga ng'ombe 4, ziwiri zapangolo ndi ziwiri zazikazi, ngolo yake, ndi malata 30 amene anagula kuti afolere nyumba. Fodya ndinadinda ndekha, mabelo 14, nkukagulitsa ku okushoni ku Chinkhoma pa nambala yanga. Alamu anga ndinawapatsa ya thiransipoti ndi thumba limodzi la chimanga. Titawasudzula anabwerera kwawo kwa Santhe ndi ana atatu. Woyamba, mtsikana, anasankhidwa kupita ku sekondale chaka chomwecho. Anandilembera kawiri kupempha fizi. Sindinayankhe.

Mu 2021 anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Pomanga tchalitchi chathu ndinapereka matumba 20 a simenti. Ng'ombe zija pano zilipo 11.

Chaka chatha ndinakumana ndi mtsikana uja mumsika pa boma, akugulitsa tomato, mwana ali kumsana. Ndinafuna kumuzemba koma anali atandiona kale. Anagwada pafumbi pomwepo nkuti, “Bambo aakulu, muli bwanji? Amayi aakulu mwawasiya bwanji?” Kenako anawola mulu wa tomato nkundiikira m'jumbo. Ndalama anakana. Tomato ameneyo sindinafike naye kunyumba, ndinapatsa wakabaza. Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikuliona.

Usiku uliwonse ndimawerenga Salimo 51 ndikulira. Mafunso anga ndi awiri. Kodi Mulungu angakhululukire munthu wonga ine? Chachiwiri, pa ndime 4 Davide akuti, “Ndachimwira Inu, Inu nokha.” Kodi sizikutanthauza kuti ndikalapa kwa Mulungu nkhani yatha? Ndikaulula, ukulu wa mpingo anditula, ndipo mkazi wanga ndi ana anga sadzayendanso m'mudzi muno mutu uli m'mwamba.

Wosowa tulo, Kasungu

*

Bambo,

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Nditamaliza kachiwiri ndinaisiya patebulo nkupita kudimba kukathirira mpiru kuti mtima utsike. Ndibwino mudziwiretu amene mwamulembera: inenso ndine mlamu wa winawake. Amuna anga, omwe anali mphunzitsi komanso mlaliki, anatisiya mu 1994, ndipo pasanathe milungu itatu abale awo anafika ndi lole. Ananyamula mipando, bedi, njinga, wayilesi, mpaka makina anga osokera amene ndinagula ndi thukuta langa. Anandisiyira mphasa ziwiri, miphika, ndi makatoni awiri a mabuku a malemu, chifukwa mabuku sagulika pamsika. Zimene ndikuuzeni za Masalimo ndinaziphunzira m'makatoni amenewo, usiku ana atagona, ndi koloboyi.

Ndiyamba ndi funso loyamba, poti ndi lomwe likukumanani tulo. Inde, Mulungu amakhululuka, ndipo amakhululukira ngakhale zoposa zanu. Umboni uli pamwamba pa salimo lomwe mukuwerengalo, pa timawu ting'onoting'ono tomwe ambiri timadumpha: salimo la Davide, pamene mneneri Natani anabwera kwa iye atalowa kwa Bateseba. Tsegulani 2 Samueli 11 ndi 12 muone munthu wake. Asilikali ali kunkhondo atazinga mzinda wa Raba wa Aamoni, mfumu inatsala ku Yerusalemu nkutumiza anthu kukatenga mkazi wa Uriya Mhiti. Uriyayu sanali mlendo ayi, dzina lake lili pa mndandanda wa ngwazi za Davide pa 2 Samueli 23:39. Mimba itaoneka, Davide anamuitanitsa kunkhondo, anamunyengerera kuti akagone kunyumba kwake, anamuledzeretsa, zonsezi kuti mwana adzaoneke ngati wake. Zitakanika analemba kalata kwa Yowabu, mkulu wa asilikali ake, yoti amuike Uriya pamene nkhondo yatentha kenako amuthawe, ndipo kalatayo anainyamula ndi Uriya yemweyo. Tsiku limenelo sanafe yekha, panafa asilikali enanso omwe mayina awo sitikuwadziwa nkomwe. Koma Davide yemweyu atangonena kuti “Ndachimwira Yehova,” Natani anamuyankha pompo kuti Yehova wachotsa tchimo lake ndipo sadzafa. Malamulo a Mose ankati wachigololo ndi wakupha onse aphedwe. Davide anali zonse ziwiri.

Onaninso kuti pamene Natani ankafika, mwana anali atabadwa kale. Ndiye kuti kwa miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo mfumu inkadya, kuweruza milandu ndi kupembedza ngati palibe chachitika. Salimo 32, lomwe lilinso ndi dzina la Davide, likufotokoza mmene munthu wobisa amakhalira m'kati: mafupa kufooka, kubuula tsiku lonse, mphamvu kuuma ngati nthaka m'chilimwe. Inu mwatha zaka zambiri kuposa Davide, koma matenda ake ndi omwewo. Ndipo Natani wanu sanabwere ndi ndodo. Anabwera ndi mulu wa tomato. Wa Davide naye anabwera ndi nthano chabe, ya munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kodya naye m'mbale, ndi wolemera wa khola lodzaza amene anakalanda kuti aphere mlendo. Davide anapsa mtima, nati munthu wotere ayenera kufa ndi kubweza kanayi. Natani anangoti, “Munthuyo ndinu.”

Kusowa tulo kwanu ine sindikukudandaulira. Ndikanada nkhawa mukanandilembera kuti tomato uja munakamuphikira ndiwo nkudya bwinobwino.

Poti mukuliwerenga usiku uliwonse, tiyeni tilione pafupi salimoli. Ndakatulo za Aheberi sizidalira kufanana kwa mawu kumapeto a mizere. Zimanena chinthu, nkuchinenanso mwanjira ina, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi, musi wina ukukwera wina ukutsika, koma chimanga ndi chomwecho. M'ndime ziwiri zoyambirira Davide akutchula chimene anachita ndi mayina atatu. Loyamba m'Chiheberi ndi mawu a kupanduka, monga nyakwawa yogalukira mfumu yake. Lachiwiri ndi kupotoka, mtengo wokhota umene sungakhale phaso. Lachitatu ndi kuphonya, monga muvi wopita pambali. Ndipo akupempha zinthu zitatu. Akuti fafanizani, monga mmene mwini esiteti angafafanizire ngongole ya tenanti m'buku. Akuti ndichapeni, ndipo mawu ake si osambitsa khanda m'beseni ayi, ndi mawu ochapira zovala, kupondaponda ndi kumenya, monga ankachitira amayi anga ndi bulangete pamwala ku Bua, mpaka phokoso kumveka tsidya lina. Kenako akuti ndiyeretseni, mawu amene wansembe ankanena kwa wakhate pomulola kubwerera pakati pa anthu. Hisope wa pa ndime 7 ndi kachitsamba komwe ankaviika nkuwazira munthu wotereyo pa Levitiko 14, komwenso anapakira magazi pa mafelemu a zitseko usiku wotuluka mu Ejipito.

Pa ndime 7 yomweyo Baibulo lathu lakale limati tidzayera koposa matalala. Davide ankanena za chipale choyera chomwe chimagwa kumaiko ozizira, ndipo omasulira anatenga chinthu choyera chakumwamba chimene ife timachidziwa. Ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti kwa mlimi wa fodya wa ku Kasungu matalala si nkhani yabwino, ndi chinthu chimene chimabowola masamba a munda wonse pa mphindi khumi. Koma mwina nazonso zili ndi phunziro lake.

Chimene mulibe m'salimoli ndi chodzikhululukira. Davide sakunena kuti mkaziyo ankasambira poonekera, kapena kuti kunkhondo anthu amafa nthawi zonse, ngakhale kuti mawu amenewa anawatumizadi kwa Yowabu nthawi imene ankabisa. Pa ndime 14 akutchula mlandu wa magazi osaukulunga m'masamba. Tsono bwererani ku kalata yanu. Mwalemba kuti “ndinatenga.” Ndinafufuza mawu oti “ndinalanda” sindinawapeze. Mwalemba kuti munauza abale kuti musunga. Bambo, wosunga amapereka fizi. Usiku uno musanawerenge salimo, nenani kaye pakamwa panu: ndinalanda mkazi wamasiye, ndinamana mwana wa mng'ono wanga sukulu. Mukamva mmene mawuwo akuwawira m'kamwa, mwayamba kupemphera monga Davide.

Tsopano ndime 4, pomwe mtima wanu wapeza kakhomo kothawira. Sindikukunyozani, ambiri anadutsapo pakhomo limeneli, ndipo alamu anga ena analowa m'manda atatsamira pomwepo. Koma Davide sakanatha kutanthauza kuti Uriya sanamulakwire, poti ndime khumi kutsogolo akulira ndi magazi a Uriya yemweyo. Chimene akunena ndi ichi: iye anali mfumu, panalibe bwalo padziko loti limuzenge mlandu, Yowabu anali atatseka pakamwa, anthu a kunyumba yachifumu ankaopa. Panatsala Mmodzi yekha amene anaona, amene lamulo lake linapondedwa, ndipo sangagulidwe. Natani naye sanafunse kuti mwamuchitiranji Uriya basi. Anafunsa kuti mwanyozeranji mawu a Yehova. Yosefe kunyumba ya Potifara ananena chimodzimodzi: mkazi anali wa Potifara, koma iye anati, ndingachite bwanji choipa chachikulu chotere nkuchimwira Mulungu? Kutchula Mulungu sikuchotsa mnzako pa mlandu. Kumauza wolakwa kuti mnzakeyo ali ndi Mwini.

Ndipo pa nkhani ya amasiye Mwiniyo analankhula mosapsatira. Eksodo 22:22-24 akuti musazunze mkazi wamasiye kapena mwana wamasiye, chifukwa akadzalirira kwa Ine ndidzamva ndithu. Salimo 68:5 likumutcha Mulungu atate wa ana amasiye ndi woweruzira akazi amasiye. Pamene munkakoka ng'ombe zija kulowa nazo m'khola lanu, munkaganiza kuti mukulanda mayi wopanda womuyankhulira. Munkalowa m'khola la Mulungu. Ndilo tanthauzo la “Inu nokha” kwa inu, ndipo likulemeretsa katundu wanu, silikumupeputsa.

Pali malo amodzi m'malamulo a Mose onena za mlandu wanu weniweni, ngati kuti wolemba anali pa maliro a mng'ono wanu. Ndi Levitiko 6:1-7. Akuti munthu akachimwira Yehova ponyenga mnzake pa chinthu chimene anamusungitsa, kapena pomulanda, abweze chonse, awonjezepo limodzi la magawo asanu, apereke kwa mwini wake, ndipo abwere ndi nkhosa yamphongo kwa wansembe kuti akhululukidwe. Taonani, tchimolo likutchedwa lochimwira Yehova, koma katundu akubwerera kwa mwini wake, osati kwa wansembe. Ambuye Yesu sanasinthe dongosolo limeneli. Pa Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi chopereka paguwa nkukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo, pita kaye. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake sanati ndachimwira Inu nokha, anati amene ndinamulanda ndimubwezera kanayi.

Kusiyana kwa inu ndi Davide ndi kumodzi, ndipo ndi mwayi wanu. Uriya anali m'manda, panalibe khomo loti Davide akagogode. Alamu anu ali moyo kwa Santhe, ulendo woti mukanyamuka m'mamawa nsima yamasana mukadyera konko.

Za simenti ija ndisakubisireni. Matumba 20 amene aja anagulidwa ndi ndalama zomwe muzu wake ndi mabelo 14. Ndime 16 ya salimo lanu ikuti Mulungu sakondwera ndi nsembe, apo ayi Davide akanapereka. Mfumu inali ndi ng'ombe zokwana kufukiza Yerusalemu yense, koma panalibe nsembe yoikidwiratu ya munthu wopha dala, ndipo Numeri 35:31 amaletsa ngakhale dipo. Chimene chinamutsalira ndi mtima wosweka. Tchalitchi chanu chiime, anthu apempheremo, koma musachiwerengere ngati chiphaso chanu.

Nanga muchite chiyani? Yambani ndi mayi akunyumba. Mwina akudziwa kale zambiri kuposa mmene mukuganizira, akazi timawerenga ng'ombe. Kenako khalani pansi ndi pepala mulembe zonse, ng'ombe ndi ana ake omwe, ngolo, malata, ndi zimene mabelo aja anatulutsa mutachotsa zolipira galimoto ndi ziguduli. Musanene kuti zinayi ndi zawo, zisanu ndi ziwiri ndi zanga poti ndinaweta ndine. Ngati pali ya ubusa, aitchule ndi iwo. Musapite nokha ngati wokacheza, ndipo musatumize ndalama pafoni kuti zikuyankhulireni. Nkhaniyi inalowera pa ankhoswe, ibwererenso pa ankhoswe, a mbali zonse ziwiri, amfumu akudziwa. Zimene mwabweza zilembedwe, mboni zisayine, kuti mawa ana anu asadzawalandenso ana a mng'ono wanu. Dziwaninso kuti lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, ndipo limaika mkazi ndi ana patsogolo pa abale. Alamu anu akafuna kupita kukhoti, ufulu umenewo ali nawo, musadzawaone ngati ouma mtima. Akale anati mlandu suwola.

Abusa anu auzeni musanapite, osati atamva kwa ena. Bwalo la mpingo likhoza kukutulani udindo kapena kukuikani pa chilango, ndipo sindikulonjezani kuti silitero. Davide anakhululukidwa tsiku lomwelo, koma mwana anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo lupanga silinachoke pabanja pake: ana ake Aminoni, Abisalomu, kenako Adoniya anaphedwa. Apa ndichenjeze owerenga ena, chifukwa ndamva anthu akuuza mayi wofedwa kuti mwana wapita chifukwa cha tchimo lake. Za Davide tikuzidziwa chifukwa mneneri anazinena, inu ndi ine si Natani woti tiziloza maliro a anzathu. Chimene ndikunena kwa bambowa ndi chakuti kukhululukidwa sikubweza zaka. Mtsikana uja sadzakhalanso wa zaka 14 atanyamula kalata yomuitana ku sekondale. Pepani sapoletsa chilonda. Koma mufunseni chimene akufuna, kaya kubwerera kusukulu, kaya kosi ya ntchito zamanja, kaya mpamba wa geni yake, ndipo musamusankhire. Azing'ono ake awiri mwina akadali pa msinkhu woti fizi iwapulumutse.

Mukuopa manyazi a mkazi wanu ndi ana. Ndikumvetsa. Koma m'mudzi mwanumo ndani sadziwa mwini wa ngolo ija? Tsiku limene munkadzozedwa ukulu wa mpingo, amayi a kumbuyo ankagwedezana ndi zigongono. Manyazi alipo kale, angokhala kuti sakunenedwa inu mulipo.

Mukamawerenga ndime 10, “Mundilengere mtima woyera,” dziwani kuti mawu akuti kulenga pamenepo ndi omwe ali pa Genesis 1:1, ndipo m'Baibulo lonse la Chiheberi wochita zimenezo ndi Mulungu yekha. Davide sakupempha chigamba. Ndipo pa ndime 11, popempha kuti asamuchotsere Mzimu Woyera, akunena chimene anachiona ndi maso ake: ali mnyamata ankaimbira zeze Sauli, mfumu imene Mzimu wa Yehova unaichokera. Nchifukwa chake sindikuti kubweza ng'ombe kukugulirani chikhululukiro. Chimenecho ndi chaulere, chatsamira pa chifundo chimene ndime 1 yayamba nacho, ndipo kwa ife Akhristu chinalipiridwa pamtanda. Koma mtima watsopano umene mukupemphawo sungagone mwamtendere pafupi ndi khola la ng'ombe za eni ake. Mukaona kuti mukutha kugona, ng'ombe zili pomwepo, ndiye kuti mwalandira china, osati chimene Davide anapempha.

Musamangokhala pa 51 pokha. Mpingo wakale unasonkhanitsa masalimo 7 a kulapa: 6, 32, 38, 51, 102, 130 ndi 143. Anzathu Akatolika amaimba 51 pa Lachitatu la Phulusa, ndipo m'mabuku awo ena akale mudzalipeza pa nambala 50. Kwa munthu wosagona ngati inu ndikupatsani 130, limene likufunsa kuti Yehova akanamasunga mphulupulu akanaima ndani, nkuyerekeza moyo wodikira Mulungu ndi mlonda wodikira m'bandakucha. Funsani mlonda aliyense wa pa golosale pa boma mmene 3 koloko ya m'mawa mu Juni imatalikira. Koma kumacha. Salimo 32 mulisungire tsiku lobwerako kwa Santhe.

Chomaliza, musakapemphe alamu anu kuti akukhululukireni pompo, anthu ali gwa kuyang'ana. Kumeneko ndi kuwalandanso kachiwiri. Ndikunena zimene ndinaziona. Mu 2005, patatha zaka 11, mmodzi mwa alamu anga aja anafika pakhomo panga masana dzuwa likuswa mtengo, akukankha njinga, makina anga osokera atamangidwa pakaliyala ndi mphira. Anali atachita dzimbiri, lamba atadyedwa ndi makoswe, kabati yake itasowa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, chipewa m'manja, nati, “Alamu, ndinakuberani.” Sanawonjezere china. Ine ndinayang'ana makinawo, ndinayang'ana mwana wanga wamwamuna yemwe anasiyira Fomu 2, ndipo m'kamwa mwanga munalibe mawu abwino. Ndinawaphikira nsima poti anachokera kutali, ndinawapatsa madzi osamba m'manja, koma sindinadye nawo. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndiwatchulenso kuti alamu popanda kumeza malovu. Iwo sanandikakamize, ankangotumiza chimanga chaka ndi chaka. Pa maliro awo ndinagona kusiwa masiku onse, ndipo nyimbo ndinayambitsa ndine.

Makina aja ndinakawakonzetsa, ndipo alipo pakhonde pano, ndimasokera mayunifolomu a adzukulu. Mukabwerako kwa Santhe mudzandilemberenso. Ndikufuna kumva kuti ana awiri aja ali kalasi yanji.